Mthenga ndi Chinsinsi Chimene Amasenza

Kuyambira kale lomwe, munthu wofuna kulankhula ndi mbale wake wa kutsidya kwa phiri sadakhalepo ndi njira ina koma kuika mawu ake m'manja mwa munthu wachitatu. Ndipo ngakhale dzina la wachitatuyo lakhala likusintha mibadwomibadwo, pena mthenga, pena kalaliki wa pa positi, lero kampani ya mafoni, funso limene makolo ankadzifunsa asanatume mnyamata ku mudzi wakutali lidakali lomwelo: kodi ameneyu akatula mawu anga kwa mwini wake yekha, kapena ayamba wapatukira nawo kwina?

M'masiku a makolo mthenga adali munthu wodziwika. Ankadziwa amake, ankadziwa mfunda wake ndi dambo limene ankalima, kotero kuti akaulula zimene adamtuma, mlandu wake unkapita pabwalo ndipo manyazi ankagwera mbumba yonse. Nkhoswe inkasunga za m'nyumba ya anthu awiri, nduna inkasunga za mfumu, ndipo ana otuluka kusimba ndi kudambwe ankawalangiza kuti zakumzinda saulula. Sindikunena kuti miseche kudalibe, pakuti akazitape adalipo ngakhale pa nkhondo za Angoni. Koma mthenga wa masiku amenewo adali ndi chifundo chimodzi chimene sitidachiyamike mokwanira, ndicho chakuti ankaiwala, ndipo akamwalira, zonse zimene adamva zinkalowa naye m'manda.

Kalata, dzina limene tidabwereka kwa Apwitikizi, idafala pamodzi ndi sukulu za mishoni, kuyambira ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876. Pamene Harry Johnston adakhazika boma la Angerezi mu 1891, positi idali m'gulu la ntchito zoyamba zimene adayambitsa. Amuna amphamvu ankasenza matumba a makalata pamutu, nayenda pansi usana ndi usiku m'njira za mikango kuchokera ku Chiromo kukwera ku Blantyre ndi ku Zomba, ndipo zaka za m'ma 1890 zisanathe, waya wa lamya wa kampani ya Cecil Rhodes udali utayalidwa kutsata nyanja mpaka ku Karonga. Envulopu yomata idabweretsa chinthu chachilendo, chakuti mthenga asenze mawu amene iye mwini sakuwadziwa, monga Uriya Mhiti adanyamula m'dzanja lake kalata ya Davide yolamula imfa yake. Anthu adayesa kuti chinsinsi chapeza linga. Chimene sadachione msanga n'chakuti mthenga watsopanoyu adali boma lenilenilo, lomwe linkatolera msonkho wa nyumba ndi kumanga anthu. Ndipo amene wasenza thumba ndiye amasankha kalata yoti ifike ndi yoti itsale. John Chilembwe adazionera yekha mu Novembala 1914, pamene kalata yake yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosakhala yawo, imene adatumiza ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, idatsekerezedwa ndi opima nkhani a boma. Mu 1959, boma lomwelo litamanga anthu mazanamazana pa 3 Malichi potsamira mawu a akazitape onena kuti a chipani cha Congress apangana kupha Azungu, woweruza Patrick Devlin ndi anzake adafufuza napeza kuti chiwembu chotero chidalibe umboni wokwanira, nalemba kuti Nyasaland idasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, m'mene munthu sakadatha kuvomereza Congress poyera osaopa.

Koma kwa anthu wamba a m'midzi kalata idali ya nkhani zina, za matenda, za ng'ombe ndi za ndalama zochokera ku Joni ndi ku Halale. Ine ndidakula pa nthawi imene Wenela inkatengabe amuna kupita nawo ku migodi, ndege yake isanagwe ku Francistown mu 1974, ndipo makalata a m'mudzi mwathu ankadzera ku bokosi la sukulu, aphunzitsi aakulu naitana maina pamzere wam'mawa. Azakhali anga, amene amuna awo adali ku Joni, sankadziwa kuwerenga, tsono ndikabwera nayo kalata ankanditengera kuseri kwa nkhokwe, nayang'ana uku ndi uku, nati, “Iwe, uwerenge pang'onopang'ono, ndipo ukafika pa za ndalama utsitse mawu.” Ndinkawerenga zimene mwana sayenera kumva, za kusungulumwa kwa mwamuna wamkulu m'komponi, za nsanje yake, za ngongole, ndipo ndikatha ankandigwira phewa nati, “Zimenezi wazisiya pompano.” Ndinkayankha kuti, “Ndamva, azakhali,” ndipo mpaka lero sindidauzepo munthu. Choncho ngakhale kalata yomata inkafuna wachitatu. Koma wachitatuyo adali mwana wa mlongo wawo, amene ankadya nsima ya m'manja mwawo.

Kalata ina ndimaikumbukira mosiyana. Idachokera ku Zambia, kwa mbale wathu amene adaoloka malire pambuyo pa mkangano wa nduna wa 1964. Bambo adaitembenuza kawiri, naona kuti pakamwa pa envulopu padali pamakwinya ndi pomatanso ndi ulimbo wina wosafanana ndi woyamba. Adaiwerenga ali chiimire, naiponya pamoto, ndipo sadaiyankhe, ngakhale munkangonenedwa za mwana wobadwa kumene. Umo ndimo ubale unkafera m'zaka za chipani chimodzi. Lamulo la 1968 lidakhazika bungwe lopima mabuku, mafilimu ndi nyimbo, koma lopweteka koposa lidali dzanja losaoneka lotsegula makalata ndi khutu lomvetsera lamya, pamodzi ndi a Special Branch ndi a Payoniya amene ankatchera khutu m'mabasi, m'mabawa ndi m'zipinda za aphunzitsi. Anthu adaphunzira kulemba mophiphiritsa, kutchula ndende kuti chipatala, ndi kutsitsa mawu ngakhale m'nyumba zawo zomwe. Mlakatuli Jack Mapanje adakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osauzidwa mlandu wake. Ndipo positi yomweyo idasandutsidwa mkondo mu 1979, pamene Attati Mpakati, mtsogoleri wa chipani chotsutsa boma cha LESOMA, adalandira ku Maputo phukusi la bomba limene lidamdula zala, Dr Banda mwini nanena pagulu kuti anyamata ake ndiwo adachita zimenezo.

N'chifukwa chake mtima wanga umakondwa pokumbukira kuti ulamuliro umene unkaopa makalata udagwedezeka ndi kalata. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse tsiku limodzi. Sidadzere m'thumba la boma, koma idayenda pamanja, monga uthenga wa makolo, kuchokera kwa munthu wodziwika kupita kwa munthu wodziwika. Boma lidailetsa nkunena kuti kupezeka nayo ndi mlandu woukira, nyumba yosindikizira ya a Montfort ku Balaka idatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche adathamangitsidwa m'dziko. Koma madzi adali atatayika kale. M'miyezi yotsatira makina a fakisi ndi ochulukitsira mapepala, amene adalowa m'maofesi chifukwa cha malonda, adayamba kulavula timakalata topanda maina usiku, ndipo ngakhale apolisi adamanga ambiri ogwira ntchito m'maofesi, sadathe kuima pa makina alionse. Pa 14 Juni 1993 anthu adavotera zipani zambiri. Olemba malamulo aakulu a dziko a 1994 adaika m'gawo 21 ufulu wa munthu kukhala ndi chinsinsi chake, natchula mwachindunji makalata ndi mauthenga onse a pa lamya. Ndipo amene adawerengapo envulopu yomatanso amadziwa kuti mawu amenewo sadangokopedwa m'mabuku a kunja, adalembedwa ndi anthu a zipsera.

Foni ya m'manja idafika ufuluwo uli wakhanda. TNM idayamba mu 1995, Celtel mu 1999, imene pambuyo pake idatchedwa Zain kenaka Airtel, ndipo lamulo la 1998 lidakhazika bungwe la MACRA kuti liziyang'anira zonsezi. Palibe angakane ubwino wake, pakuti mayi wa ku Nsanje lero amamva mawu a mwana wake wa ku Johannesburg popanda mdzukulu womuwerengera, nalandira ndalama pa Mpamba kapena pa Airtel Money tsiku lomwelo. Koma mthenga ameneyu sali ngati oyamba aja. Iye amalemba m'kaundula wake nambala imene idaimba, imene idayankha, mphindi zimene adalankhula ndi nsanja imene aliyense adali nayo pafupi. Satopa, sakalamba, ndiponso saiwala. Akale adati mlandu suola, koma ankanena za mlandu umene udachitikadi. Pano chimene sichiola ndi mayendedwe a munthu wosalakwa, osungidwa kudikira tsiku limene wina adzawafuna.

Madzi saiwala khwawa. Cha m'ma 2011, chaka chomwe anthu 20 adaphedwa pa zionetsero za pa 20 Julaye, dziko lidadzaza ndi mkangano wa makina otchedwa CIRMS amene MACRA idagula ku kampani ya ku America, amene anthu adawapatsa dzina loti makina aukazitape. Bungwelo lidati cholinga chake n'kuyesa ubwino wa netiweki ndi kutsimikiza ndalama zimene makampani amapeza, kuti asabere boma msonkho. Otsutsa adati makinawo adzafikira kaundula wa mafoni a anthu onse. Khoti Lalikulu lidawaletsa mu 2012, koma khoti la Supreme lidatembenuza chigamulocho mu 2014. M'nkhani imeneyi makampani a mafoni adaoneka ngati atetezi a chinsinsi chathu, koma ine sindidawakhulupirire kwathunthu, pakuti nawonso adali ndi mabuku a ndalama amene sankafuna kuti mlendo awasuzumire. Ndipo kaundula amene ankamkaniza boma adali kale m'manja mwawo, popanda mmodzi wa ife amene adafunsidwa.

Kenaka kudadza kalembera, wonga uja wa m'masiku a Kaisara Augusto. Mu 2017 anthu oposa 9 miliyoni adajambulitsa nkhope ndi zala zawo kuti alandire chiphaso chaunzika, ndipo mu 2018 kudalamulidwa kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe pa dzina la mwini wake, yosalembetsa idulidwe. Chifukwa chimene chidaperekedwa chidali chomveka, pakuti akuba a pa foni adasautsa anthu ndithu. Komabe kuyambira pamenepo uthenga uliwonse uli ndi nkhope, ndipo timakalata topanda maina ta 1992 tikadayenda pa foni ya lero, eni ake akadapezeka dzuwa lisanalowe. Lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa intaneti, limene lidadza ndi cholinga cholimbana ndi akuba ndi ozunza anzawo, lagwiritsidwanso ntchito kumangira anthu amene adanyoza atsogoleri pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo zimenezi zachitika pansi pa maboma a zipani zosiyana, chipani chilichonse chikudzudzula mchitidwewo chili kunja, nkuukumbatira chikalowa. Eni WhatsApp amanena zoona kuti kuyambira 2016 mawu amayenda otsekeredwa kotero kuti wapakati sangawawerenge. Koma nkhani ya pagulu imatuluka ndi munthu wa m'gulu momwemo, amene amaijambula nkuipereka, monga ankachitira kazitape wa m'chipinda cha aphunzitsi.

Pamwamba pa onsewa pali amithenga aakulu a kutsidya kwa nyanja, Meta mwini Facebook ndi WhatsApp, ndi Google, amene likulu lawo lili ku California, amene sadziwa mfunda wathu ndipo ife sitidziwa bwalo limene tingawaitanire. Satilipiritsa potumiza uthenga, chifukwa malipiro awo ndi kutidziwa: amene timacheza nawo, zimene timafunafuna usiku, kumene tagona; ndipo Edward Snowden adaonetsa dziko mu 2013 kuti nkhokwe zoterezi boma lamphamvu limazifikira. Khoswe wakhala pamkhate, pakuti malonda a amayi a kaunjika, zopereka za maliro ndi mapemphero a mipingo zonse zadzera m'manja mwawo, ndipo wowamenya aswa mkhate womwe. Lamulo loteteza mbiri za anthu lidakhazikitsidwa mu 2024, ndipo ndikuliyamika. Chimene chimandivuta n'chakuti ulonda wake udaperekedwa kwa MACRA, bungwe lomwe lija lidagula makina amene anthu adawaopa.

Pa nthawi ya kalembera wa manambala ndidaperekeza azakhali aja, atakalamba ndithu, ku msika wa kwathu, kumene mnyamata wa kampani adakhala pansi pa ambulera, mzere wa anthu utafika mpaka pa chigayo. Adamasula chiphaso chawo pa mfundo ya chitenje, napereka ndi manja awiri. Mnyamatayo adachijambula mbali zonse ndi foni yake, nachibweza osawayang'ana, naitana wotsatira. Tikubwerera adayenda chete mtunda wautali, kenaka adandifunsa kuti, “Kodi mnyamata uja ndi mwana wa yani?” Ndidati sindikumdziwa. Adafunsanso kuti chithunzi chija chapita kuti, ndipo ndani akachisunge. Ndipo ine, amene ndinkawawerengera makalata onse a ku Joni osaphonya liwu, ndidangowanyamulira thumba la mchere mpaka kunyumba.