Amoniya

Ambiri akamva mawu oti "amoniya" amangoganiza za feteleza. Kwenikweni ndi mpweya wa nayitirojeni ndi haidirojeni, uja umalasa mphuno m'chimbudzi cha pamsika chikapanda kutsukidwa. Dzinali linachokera kwa Amun, mulungu wa Aigupto akale, poti mchere wa amoniya unkapezeka pafupi ndi kachisi wake ku Siwa. Lero makampani akufuna kuyendetsera amoniya sitima zapamadzi chifukwa amoniyayo alibe kaboni. Koma akatayikira m'nyanja amawononga ziwalo zopumira za nsomba, ndipo ululu wake umakula madzi akakhala ofunda, ngati a ku Singapore komwe sitima zambiri zimamwera mafuta. Ena akuti amasungunuka msanga, sayandama ngati mafuta akuda. N'zoona, komatu akasungunukamo amanenepetsa ndere, nderezo n'kuphimba makorali momwe nsomba zimaswanirana.