Munda wa pakhomo wokomera mbalame ndi tizilombo tothandiza

Munda wokomera zachilengedwe ndi malo a pakhomo amene mbalame, njuchi, agulugufe, achule ndi abuluzi amapezapo chakudya, madzi ndi pobisala. Sulira malo aakulu. Ngakhale kuseri kwa nyumba ya ku Ndirande kungakwane.

Adani aakulu a munda wotere ndi tsache ndi moto. Bwalo losesedwa bwino limapatsa khomo ulemu, koma masamba ouma akatenthedwa, nyongolotsi ndi tizilombo timene mbalame zimadya timasowa pokhala. Nkwanzeru kusiya ngodya imodzi yosasesa, younjikamo masamba, miyala ndi zikuni zowola, patali ndi nyumba ndi posewerera ana chifukwa njoka nayo imakonda malo oterowo.

Madzi amafunika kwambiri m'chilimwe, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala. Phale losaya loikidwa pamthunzi, lokhala ndi timiyala toti njuchi ziterepo, limakwanira. Madziwo azisinthidwa masiku awiri kapena atatu alionse, pakuti kukamatentha udzudzu umatha kukula kuchokera ku dzira m'sabata imodzi yokha.

Pa mitengo, yachilengedwe imaposa yobwera. Nkhuyu zikapsa, apumbwa amadya masana, mileme usiku. Koma mkuyu umafuna malo, ndipo mizu yake imang'amba maziko ukabzalidwa pafupi ndi nyumba. Msangu uli ndi khalidwe lachilendo: umayoyola masamba m'dzinja nkuphukanso mvula ikatha, choncho maluwa ake amadyetsa njuchi pamene maluwa ena ayamba kusowa. M'Malawi nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo.

Phindu limaonekera m'mbale. Maungu ali ndi maluwa aamuna ndi aakazi paokhapaokha, ndipo popanda njuchi zonyamula mungu, timaungu timafota tisanakule. Mankhwala opopera sasankha: amapha mbozi pamodzi ndi njuchizo. Ngati kupopera nkosapeweka, kuchitike madzulo njuchi zitaleka kuuluka, ndipo maluwa asakhudzidwe.

Amene amavutika kwambiri ndi kadzidzi ndi bilimankhwe, omwe amagendedwa chifukwa cha zikhulupiriro. Chikhalirecho kadzidzi amasaka mbewa ndi makoswe amene amatha chimanga m'nkhokwe, pamene bilimankhwe alibe ululu ndipo chakudya chake ndi ntchentche ndi ziwala. Pakhomo pamene ana ali ndi legeni, makolo ayenera kuyamba ndi kuwafotokozera ntchito ya nyama ziwirizi.