Ana a Lameki: Mbiri ya Nyimbo za Chitsulo

Buku la Genesis limatiuza kuti mwa ana a Lameki mudali awiri a luso, Yubala kholo la oimba zeze ndi chitoliro, ndi Tubala-Kaini wosula mkuwa ndi chitsulo. Ndipo ine, amene imvi zandipeza ndikumvera nyimbo zimene Azungu amazitcha heavy metal, ndimakhulupirira kuti nyimbozi zidabadwa tsiku limene abale awiriwa adakumananso pa chipala chimodzi.

Za makedzana sinditayapo nthawi. Akapolo otengedwa kuno ku Africa adawoloka nyanja ndi maimbidwe awo, zidzukulu zawo ku Mississippi zidasandutsa chisoni kukhala blues, blues idakwera sitima kunka ku Chicago kumene gitala adamulumikiza ku magetsi, ndipo anyamata a ku England atamva adayamba kutsanzira, aliyense kukweza mawu kuposa mnzake. Alipo amene amati ulemu upite kwa Led Zeppelin kapena Deep Purple. Magulu awiriwa ndimawagwadira, koma iwo adangolemeretsa blues, pamene chinthu chatsopano chidachokera kwina.

Chidachokera ku Birmingham, mzinda wa utsi ndi nyundo, kumene mnyamata wamanzere wa zaka 17, Tony Iommi, ankagwira ntchito mu fakitale yodula zitsulo. Tsoka silinunkha: pa tsiku lake lomaliza, atatsanzika kale kuti akakhale woimba, makina adamudula nsonga za zala ziwiri zapakati za dzanja lamanja, lomwe munthu wamanzere amakanikizira nsambo. Mkulu wake wa pantchito, munthu amene mbiri siimutamanda mokwanira, adamumvetsera chimbale cha Django Reinhardt, katswiri amene moto udamupundula dzanja koma ankaimbabe ndi zala ziwiri. Pamenepo Iommi adasungunula botolo la pulasitiki, naumba timitu tovala ku zala, natikuta ndi chikopa chong'amba ku jekete; ndipo popeza nsambo zolimba zinkamupweteka, adasankha zopyapyala, kenaka nazimasula kuti zilire pansi. Kumasula kumeneku kudazamitsa kulira kokhuthala, konga bingu la m'mwezi wa Januwale lakugunda kuseri kwa phiri. Chimbale choyamba cha gulu lake, Black Sabbath, chidatuluka Lachisanu pa 13 Febuluwale 1970, Ozzy Osbourne akulira ngati mlonda wochenjeza mudzi. Judas Priest, Iron Maiden ndi Metallica adamanga nyumba zazitali, koma maziko ake ndi zala ziwiri zija.

Tsono mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kwathu kuno kalumoko kadafika ku Zambia, dziko la Tubala-Kaini ndithu, popeza chuma chake ndi mkuwa. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kaunda adalamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse za pa wayilesi zikhale za m'dzikomo, ndipo anyamata a magitala adapeza msika. Ku Kitwe kudali WITCH ya Jagari Chanda, ndipo m'dzikomo mudalinso Amanaz ndi Musi-O-Tunya. Koma amene ine ndimamuveka chisoti ndi Paul Ngozi wa ku Lusaka, amene chimbale chake cha 1976, Day of Judgement, chili ndi gitala wokalipa ngati macheka. Ankaimbanso m'Chinyanja za moyo wa m'makomboni, nasonyeza kuti chilankhulo chathu chikhoza kusenza katundu wolemera chotere osathyoka msana. Mfunda wake weniweni udali Nyirongo, ndipo inu a kuno kumpoto simufuna munthu wokuuzani kuti dzina limeneli ndi la kuti. Adamwalira mu 1989. Masiku ano mbendera ili ku Botswana, kumene magulu onga Wrust ndi Overthrust ya ku Ghanzi ali ndi owatsata ovala zikopa zakuda pa dzuwa la Kalahari.

Nanga ife tidatsalira bwanji? M'masiku a Kamuzu wayilesi idali imodzi, MBC, bungwe loyang'anira zoulutsa lidali maso, ndipo mwamuna woweta tsitsi ankakumana ndi lumo ngakhale pa bwalo la ndege. Nyimbo ya tsitsi lalitali ikadamera bwanji m'munda wotero?

Komabe madzi sasowa polowera. Chaka chimene Mzuzu adakwezedwa kukhala mzinda, 1985, malume anga adabwerako ku migodi ndi sutikesi, bulangete ndi makaseti atatu opanda zikuto, nafikira kwathu ku Chibavi. Usiku wina wa Juni, kamvula ka chisanu kakuwaza pa malata, ndidaba mabatire anayi mu tochi ya bambo ndi kuika kaseti imodzi. Mudayamba kumveka mvula, kotero kuti ndidayesa ndi yapanja. Kenaka belu la tchalitchi. Kenaka mawu atatu a gitala, olemera, ochedwa, amene adandiimitsa ubweya pathupi. Mayi adatulukira pa khomo atagwira koloboyi.

"Iwe, zimenezo ndi nyimbo kapena mwalowa chiwanda mu wayilesi?"

Malume adaseka, nati, "Mlongo wanga, msiyeni mwanayu. Kodi ng'oma za vimbuza zikamalira usiku wonse, munthu n'kugwedeza mutu mpaka nthenda kutuluka, mumati ndi phokoso?"

Kaseti ija ya Black Sabbath ndidaizungulitsa ndi bolopeni, posunga mabatire, kufikira idaduka, ndipo ndidailumikiza ndi utomoni wa mpapa. Idali ikalipo m'kabati pamene ndidamva kuti Ozzy wamwalira pa 22 Julayi 2025, patangopita milungu iwiri ndi theka chitsanzikireni anthu a kwawo ku Villa Park.

Sabata yatha, pochokera ku msika kunka ku Katoto, ndidakwera kabaza ya mnyamata wovala malaya akuda a pa kaunjika, kumsana kwake kuli chigaza chosekerera ndi dzina la Iron Maiden. Ndidamufunsa ngati akuwadziwa eni ake dzinalo.

"Ayi, bambo," adatero akupalasa pa chikweza, "koma nsalu yake ndi yolimba, mphepo siilowa."

Titafika ndidatulutsa foni, ndi kumupatsa chomvetsera cha khutu limodzi, china ndidatsala nacho ine.