Mbiri ya Dengu Lathu: Msika ndi Sitolo

Pa chaka chino cha chikondwerero tafuna kuti tikumbutsane mbiri ya ntchito imodzi imene tonse timaigwira, koma ambiri saiwerengera kuti ndi ntchito. Ntchitoyi ndiyo yogula zakudya ndi zina zofunika pakhomo. Ndalama ingachokere kwa bambo kapena pa geni ya mayi, koma amene amaswa mutu kuti mchere, sopo, ndiwo ndi mafuta zituluke m'ndalama yomweyo ndi mayi. Tsono nkwabwino kuti ana athu adziwe kumene agogo awo ankagula, ndi m'mene zinthu zasinthira kufikira lero.

NTHAWI YOSINTHANA

Kale makolo athu sankagula ndi ndalama. Chakudya chinkachokera kumunda, kudimba, kunyanja ndi kuthengo, ndipo chimene munthu analibe ankachipeza posinthana ndi mnzake. Wa kunyanja ankabwera ndi usipa kapena matemba ouma, nabwerera ndi chimanga kapena mapira. Mayi woumba mbiya ankalandira chimanga chodzaza mbiya yomweyo. Chinthu chovuta kupeza chinali mchere. Anthu a ku chigwa cha Shire ndi a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ankasungunula dothi la mchere m'madzi, nasefa, naphika madziwo mpaka ataphwa. Mchere umenewo unkayenda pamutu mtunda wautali, ndipo amene anali nawo sankasowa womupatsa nkhuku kapena ufa.

Ndalama zinayamba kufala pamene Angerezi anakhazikitsa boma lawo m'chaka cha 1891 ndi kuika msonkho wa nyumba. Msonkho unkafuna ndalama, motero abambo anayamba kukagwira ntchito m'minda ya azungu ndi kunyamula mtengatenga. Imene inkatsala atakhoma msonkho ndiyo inkapita kusitolo.

MANDALA, AMWENYE NDI KANDODO

Masitolo oyamba otchuka anali a kampani ya African Lakes, imene inayamba m'chaka cha 1878 ku Glasgow, m'dziko la Scotland. Oyang'anira ake kuno anali abale awiri, John Moir ndi Frederick Moir. Popeza John ankavala magalasi a maso, anthu anamutcha Mandala, ndipo dzinalo linagwera kampani yonse ndi masitolo ake. Nyumba ya Mandala ya ku Blantyre inamangidwa m'chaka cha 1882. Chakumapeto kwa zaka zomwezo za m'ma 1800 kunayamba kufika amalonda ochokera ku India. Iwo anayambira ku Chiromo ndi ku Blantyre, ndipo njanji itafika m'chaka cha 1908 anachuluka ku Limbe. Pang'ono ndi pang'ono anafalikira m'maboma onse mpaka kumidzi. Panalinso masitolo a kampani ya London and Blantyre, amene tonse tinkawadziwa ndi dzina lakuti Kandodo.

Atsikana a lero sangadziwe m'mene tinkagulira m'masitolo amenewa. Wogula sankaloledwa kugwira katundu. Ankaima kuno kwa kauntala ndi kuloza chimene akufuna. Shuga ndi mchere ankayeza pa sikelo nakulunga m'pepala. Palafini wa koloboyi tinkapita ndi botolo lathu. Sopo unali wa mtanda wautali, ndipo wosakwanitsa mtanda wonse ankamudulira. Pakhonde pankakhala telala ndi makina ake, kuti wogula nsalu asoketse pomwepo. Ndalama zake zinali khobidi lobooka pakati, tiki, sikisi ndi sheleni. Makhobidi 12 ankapanga sheleni imodzi, ndipo masheleni 20 ankapanga paundi. Amayi athu, ngakhale ambiri sanapite kusukulu, sankasokoneza masamu amenewa, ndipo ndalama ankaimanga mfundo pa ngodya ya nsalu.

Koma tisaiwale kuti kusitolo ankapitako kukagula mchere, sopo, machesi, nsalu ndi palafini basi. Nsima ndi ndiwo zinkachokera m'nkhokwe, kudimba ndi kumsika. Njala ya 1949 inaonetsa zimenezi poyera. Mvula itakana m'chigawo cha kumwera, masitolo anali chitsegulire, koma amayi a m'boma la Blantyre ankakaima pa mizere ya chimanga chimene boma linabweretsa.

ZAKA ZA KWACHA NDI PTC

M'chaka cha 1971 kunachitika zinthu ziwiri zimene zinakhudza dengu la mayi aliyense. Choyamba, ndalama inasintha. Paundi imodzi inasanduka K2, ndipo sheleni inasanduka 10 tambala. Agogo ambiri anapitiriza kuwerenga masheleni kwa zaka zambiri, ndipo ogulitsa pamsika ankawamva ndithu. Chachiwiri, bungwe la ADMARC linalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board. Ku misika yake alimi ankagulitsa mbewu, ndipo m'miyezi ya njala tinkakagulako chimanga pa mtengo woikidwa ndi boma. Shuga nayenso anali atayamba kupangidwa konkuno, ku Nchalo kuyambira 1966, ndipo kenaka ku Dwangwa kuyambira 1979.

M'zaka zomwezo boma la Dr. Kamuzu Banda linalamula kuti amalonda achimwenye achoke kumidzi akakhale m'mizinda, kuti malonda a kumidzi atsale m'manja mwa Amalawi. Pofika 1978 anali atachoka. Kampani ya Import and Export inatsegula masitolo a Chipiku kuti eni magolosale azikapikulako katundu. Ena anachita bwino ndithu, koma ambiri analibe mpamba wokwanira ngakhale galimoto yonyamulira katundu. Chotero m'malo ambiri masitolo aja anatsala mabwinja, ndipo amayi ankayenda mtunda wautali kukafuna mchere ndi sopo.

M'matauni zinthu zinali zina. Kampani ya Press inayambitsa masitolo a PTC m'chaka cha 1973, ndipo anafika m'maboma ambiri. Ambiri a ife ndi m'menemo ndi m'masitolo a Kandodo a m'tauni m'mene tinaona koyamba kagulidwe kodzitengera wekha. Unkatenga basiketi pakhomo, nuyenda pakati pa mashelefu, nukalipira potuluka. Mtengo unali wolembedwa, wosati wonenerera. Pa kutha kwa mwezi mayi wa bambo apantchito ankatuluka ndi shuga, tiyi wa Chombe, majarini a Stork, mafuta a Covo ndi botolo la Sobo la alendo. Komabe mayi yemweyo m'mawa mwake ankapezeka pamsika akusankha mulu wa matimati.

ZAKA ZA MAOKALA NDI MASITOLO AAKULU

Kuyambira 1994, pamene boma linaleka kuika lokha mphamvu ya kwacha, mitengo inayamba kukwera msanga. Malonda anamasuka, ndipo maokala anabuka m'makwalala onse a ku Ndirande, ku Kawale, ku Chinsapo ndi kumidzi komwe. Popeza ndalama sinkakwanira paketi yathunthu, ogulitsa anayamba kugawa katundu m'timapepala tapulasitiki: shuga wa kapu imodzi ya tiyi, mafuta okazingira ndiwo za tsiku limodzi, ndi kathumba ka ufa kophika kamodzi kamene anthu anakatcha walkman. Mavenda anadzaza m'misewu ya m'mizinda mpaka 2006, pamene boma la Dr. Bingu wa Mutharika linawachotsa ndi kuwauza kuti alowe m'misika.

Nthawi yomweyo kunabwera masitolo aakulu koposa amene tinawazolowera. Shoprite ya ku South Africa inatsegula ku Chichiri m'chaka cha 2001, ndipo anthu ankapita kukangoona ngolo zokankha ndi mafiriji aatali. Pambuyo pake kunadza Chipiku Plus, Sana ndi ena. Kalipiridwe nakonso kanasintha, pakuti kuyambira 2012 ndi 2013 anthu anayamba kutumiza ndalama ndi kulipira pa foni kudzera ku Airtel Money ndi Mpamba. Koma kwacha inapitirira kuchepa mphamvu. Inagwetsedwa m'chaka cha 2012, kenaka ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023. Ife amene tinagwirapo 1 tambala tinaona ndalama ya pepala ya K5,000 ikutuluka m'chaka cha 2022. M'chaka chomwecho masitolo a PTC anatsekedwa.

CHIMENE CHATSALA

Tikayang'ana m'mbuyo tiona kuti masitolo a Mandala amene agogo athu ankagulamo kulibenso, a Kandodo kulibenso, a PTC kulibenso. Koma msika ulipo. Ku Limbe, ku Zomba, ku Lunzu, ku Mitundu, ku Jenda, mayi akadayalabe thumba lake pansi ndi kuunjika milu. Ku Lizulu, m'malire a Malawi ndi Mozambique, galimoto zikadaimabe kugula kachewere, kabichi ndi anyezi. Msika wakhala chifukwa umalandira munthu ndi ndalama imene ali nayo. Wosakwanitsa mulu waukulu amapeza waung'ono. Wogula kawirikawiri amaikiridwa basela, ndipo tsiku limene zavuta amatha kutenga pangongole chifukwa amadziwana. Bonongwe, chisoso, nkhwani ndi therere zothyola m'mawa womwewo zimapezeka kumeneko. Akulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Msika ungakhale wa matope nthawi ya dzinja, koma ndiwo watilera.

Tsono amayi, mbiri imeneyi ikutiphunzitsa zinthu zingapo. Choyamba, kugula pang'onopang'ono kumadya ndalama zambiri. Amene amagula timafuta ta m'pepala tsiku ndi tsiku, pakutha pa mwezi walipira koposa amene anagula botolo limodzi. Sitikunyoza wogula motero, pakuti ndi kusowa kumene kumachititsa. Koma amayi anayi kapena asanu atasonkha, angathe kupikula chigubu cha mafuta kapena belo la shuga ndi kugawana. Chachiwiri, nyemba, mtedza ndi chimanga zimatsika mtengo nthawi yokolola, ndipo zimakwera mu Januwale ndi Febuluwale. Wanzeru amagula nthawi yokolola ndi kusunga, ndiponso amafutsa masamba akachuluka, monga ankachitira amayi athu.

Chachitatu ndi chimene chikutikhudza mtima koposa. M'sitolo yaikulu timalipira mtengo wolembedwa osatsegula pakamwa. Koma tikafika kwa mayi wogulitsa mpiru timanenerera mpaka atachotsa phindu lake lonse, kenaka tipemphanso basela. Mayi ameneyu wadzuka tambala woyamba kukapikula, walipira galimoto kapena wasenza pamutu, walipira chiphaso cha msika, ndipo masamba akafota madzulo ataya yekha. Ambiri a iwo timakhala nawo mpando umodzi pa misonkhano yathu, ndipo ena ndi amasiye amene akuphunzitsa ana ndi ndalama ya matimati. Kunenerera sikulakwa, ndi mwambo wa pamsika, koma tizisiya kanthu koti mnzathu apite nako kunyumba. Ogulitsa nafenso tisabise zoola pansi pa mulu, ndipo tisaphwanye pansi pa mbale yoyezera kuti ichepe.

Pomaliza tikupempha kuti tizipita ndi ana athu kumsika, anyamata ndi atsikana omwe. Aphunzire kuona nsomba ngati ili yabwino poyang'ana m'makha mwake, kusankha nyemba zosafumbwa, kuwerenga chenji asanachoke, ndi kupatsa moni wogulitsa asanafunse mtengo. Kusitolo yaikulu azipitako ndithu pamene kuli kofunika, ndipo aziyang'ana tsiku lothera ntchito limene limalembedwa pa paketi. Sitidziwa kuti ndi masitolo ati amene adzakhalepo adzukulu athu akadzakula, koma nzeru zimene tinalandira kwa amayi athu zidzawathandiza kuli konse kumene adzanyamulire dengu.