Zoyenera kuunika remote desktop ikakana kutseguka

Remote desktop ndi njira yogwiritsira ntchito kompyuta yomwe ili kutali ngati kuti munthu wakhala patsogolo pake. Zooneka pa sikirini ya seva zimatumizidwa kudzera pa netiweki, ndipo zomwe katswiri akulemba pa kiyibodi yake zimakafika ku sevayo. Potero, katswiri wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe atha kukonza kompyuta yosunga kaundula wa odwala kapena wa ophunzira kumudzi popanda kukwera galimoto.

Kufunika kwa njirayi kumaonekera m'madera ngati Nkhulambe m'boma la Phalombe, m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adadula misewu ndi milatho, adaononga chipatala chaching'ono cha m'derali, ndipo kwa masiku angapo galimoto sizinkafikako. Kumalo otere ulendo wa katswiri umadya nthawi ndi mafuta, choncho ndi bwino kudziwa gwero la vuto asananyamuke.

Mitundu yake

Pali njira ziwiri zodziwika. RDP ndi ya kampani ya Microsoft, idayamba mu 1998 ndipo imalowera pa khomo nambala 3389. VNC idapangidwa ku Cambridge m'dziko la England m'zaka za m'ma 1990, ndipo makomo ake amayambira pa 5900. Makomo amenewa akatswiri amawatcha ma port.

Pa ma seva ena a Linux, VNC imaikidwa moti izidzuka pokhapokha wina akaifuna. Pulogalamu ya systemd kapena xinetd imakhala ngati mlonda pakhomo: mlendo akaodira, imadzutsa Xvnc, ndipo akatsanzika Xvnc imagonanso. N'chifukwa chake kusaona Xvnc pamndandanda wa mapulogalamu omwe akugwira ntchito sikutanthauza kuti china chake chaonongeka. Woyenera kumuyang'ana ndi mlondayo.

Poyambira kufufuza

Kufufuza kuyambe ndi magetsi. Imbirani foni munthu yemwe ali pamalopo aone ngati seva ndi rauta zayaka. Magetsi a ESCOM akathima kapena mabatire a sola akatha mphamvu, ma seva ena sayaka okha mphamvu ikabwerera, mpaka wina adine batani.

Chachiwiri ndi netiweki. Rauta yodalira simu khadi ya TNM kapena Airtel imasiya kulumikiza bandulo ikatha. Lamulo la ping limasonyeza ngati seva ikuyankha, ngakhale ma seva ena amaletsedwa dala kuliyankha. Kumbukiraninso kuti adiresi ya IP itha kusintha rauta ikazima n'kuyakanso.

Chachitatu ndi uthenga womwe kompyuta ikupereka. Ikalemba kuti connection timed out, kawirikawiri pempho silikufika, kapena firewall ikulitaya mwakachetechete. Ikalemba kuti connection refused, kawirikawiri seva yafikika koma palibe pulogalamu yomwe ikumvetsera pakhomopo. Apa lowani kudzera pa SSH, yomwe imagwiritsa ntchito khomo 22 ndipo imayenda ngakhale netiweki ili yofooka. Lamulo la ss -tln limaonetsa makomo omwe akumvetsera, systemctl status limanena ngati mlonda uja ali maso, ndipo journalctl limatulutsa kaundula wa zolakwika ndi nthawi yomwe zidachitika.

Khomo likatseguka koma osalowa

Nthawi zina kulumikizana kumatheka, koma sikirini imangokhala yakuda kapena yotuwa. Pa VNC yodzuka ikafunidwa, izi zimachitika kwambiri ngati pulogalamu yofunsa dzina ndi pasiwedi siidaloledwe kuyankha kudzera pa XDMCP, yomwe imagwiritsa ntchito khomo 177. Disiki ikadzaza, munthu amatha kulemba pasiwedi yolondola koma n'kubwezedwa pomwe adayambira. Lamulo la df -h limaonetsa malo otsala. Wotchi ya seva ikasokonekera, zitupa zachitetezo zimakanidwa.

Pa Windows Server, anthu awiri okha oyang'anira seva ndiwo angalowe nthawi imodzi popanda laisensi yapadera. Ntchito ya Remote Desktop Services ikaikidwa, pamakhala masiku 120 oyeserera, ndipo akatha laisensi isanaikidwe, ogwiritsa ntchito amayamba kukanidwa.

Chenjezo

Zinthu zikavuta, ena amathimitsa firewall yonse kuti aone ngati zitheke, kenaka n'kuiwala kuiyatsanso. Kutero n'kusiya chitseko pululu. Mu Meyi 2019 Microsoft idatulutsa chigamba chotseka chiboo chotchedwa BlueKeep, chomwe chikadalola akuba kulowa m'makompyuta akale a Windows kudzera pa RDP popanda pasiwedi. Makomo 3389 ndi 5900 asamaonekere ku intaneti yonse; njira yabwino n'kudutsa pa VPN kapena SSH, makamaka pomwe pali zinsinsi za odwala.

Musanasinthe malamulo a firewall kapena a netiweki muli kutali, sungani kope la momwe zidalili, chifukwa kulakwitsa mzere umodzi kutha kukutsekerani kunja. Pamalo aliwonse pakhale munthu mmodzi wophunzitsidwa kuyatsa seva, kuona mawaya ndi kuwerenga pafoni zomwe zalembedwa pa sikirini. Zambiri zosungidwa m'sevamo zikhalenso ndi kope lina kutali ndi nyumba yomwe sevayo ili, pakuti madzi osefukira akalowa amatenga zonse pamodzi.