Purosesa ya laputopu pa motherboard ya desikitopu

Kuika purosesa ya laputopu pa motherboard ya kompyuta ya patebulo, imene ambiri amaitcha desikitopu, ndi luso limene linatchuka cha m'ma 2003 pakati pa anthu odzimangira okha makompyuta. Ena ankafuna makina osadya magetsi ambiri ndiponso osasokosa. Koma ambiri chinkawakopa ndi overclocking, ndiko kuthamangitsa purosesa kupitirira liwiro limene anaiikira ku fakitale. Kampani ya AOpen ya ku Taiwan inkagulitsa mabodi otere pa dzina loti MoDT.

Chifukwa chake mapurosesa amenewa amathamanga

Mapurosesa otuluka m'fakitale imodzi safanana onse. Ena amafuna volteji yochuluka kuti afike pa liwiro lina lake, pamene anzawo amafika pomwepo ndi volteji yochepa. Kampani imawayesa n'kuwapatula, ndipo okhutira ndi volteji yochepa aja ambiri amapita ku malaputopu, chifukwa kumeneko batire ndi laling'ono ndipo mpweya wotentha ulibe potulukira pokwanira. Purosesa yotereyi ikalowa m'desikitopu imapeza heatsink yaikulu, fani yamphamvu ndi magetsi okwanira, choncho mphamvu imene inkabisika m'laputopu imaonekera.

Liwiro la purosesa limapezeka pochulukitsa manambala awiri: liwiro la bus, imene pa makompyuta akale inkatchedwa FSB, ndi nambala yochulukitsira yotchedwa multiplier. Bus ya 133 MHz ndi multiplier ya 14 zimapereka pafupifupi 1,867 MHz. Wofuna liwiro amakweza imodzi mwa nambalazi kapena zonse ziwiri, ndipo purosesa ikayamba kulakwitsa masamu amaiwonjezera volteji pang'ono kuti ikhazikike. Apa m'pamene kutentha kumabwerera. Liwiro likakwera, kutentha kumakwera mofanana nalo, koma volteji ikakwera kutentha kumalumpha kwambiri chifukwa m'masamu ake voltejiyo imadzichulukitsa yokha. Purosesa ya mawatsi 45 ikachoka pa 1,867 MHz ndi 1.45 V n'kufika pa 2,400 MHz ndi 1.75 V, kutentha kwake kumapitirira mawatsi 80.

Athlon XP-M

Purosesa imene inatchukitsa lusoli ndi Athlon XP-M ya kampani ya AMD, makamaka ya mtundu wa Barton. Inkalowa mu Socket A, soketi ya mapini 462 yomwe mabodi a desikitopu ankagwiritsanso ntchito, choncho sipankafunika chosinthira chilichonse. Chakumapeto kwa 2003 AMD inayamba kutseka multiplier pa ma Athlon XP a desikitopu. Ya XP-M inakhalabe yotsegula, chifukwa PowerNow!, njira imene laputopu inkapulumutsira batire, inkadalira kusinthasintha multiplier yomweyo. Zimene AMD inasiyira batire zinasanduka mwayi wa othamangitsa.

XP-M 2500+ inkayenda pa 1,867 MHz ndi 1.45 V, pamene Barton ya desikitopu inkafuna 1.65 V. Munthu akaika bus pa 200 MHz ndi multiplier pa 11 ankapeza 2,200 MHz, liwiro lenileni la Athlon XP 3200+, imene inali yodula kwambiri pa banja lonselo. Ambiri ankafika pa 2,300 kapena 2,400 MHz ndi fani wamba yabwino. Mabodi okondedwa anali a chipset ya nForce2 ya Nvidia, monga Abit NF7-S ndi DFI LanParty NFII Ultra B. Ubwino wa nForce2 unali woti bus ikamakwera, PCI inkakhalabe pa 33 MHz ndipo AGP pa 66 MHz. Pa mabodi ambiri a VIA a nthawi imeneyo zonsezi zinkakwerera limodzi, ndipo PCI ikapyola malire, hard drive inkatha kulemba zolakwika mwakachetechete mpaka Windows kuwonongeka.

Pentium M

Ku Intel nkhani inali yovutirapo. Pentium M, imene inakonzedwa ndi akatswiri a Intel a ku Haifa m'dziko la Israel, inatuluka mu March 2003, ndipo mtundu wake wachiwiri wa Dothan, wokhala ndi cache ya 2 MB, unabwera mu 2004. Dothan inkatulutsa kutentha kwa mawatsi 21 mpaka 27, pomwe ma Pentium 4 ena a Prescott ankapitirira mawatsi 100. Pa masewera ambiri Pentium M yothamangitsidwa inkapikisana ndi Pentium 4 ya manambala okwera kuposa ake, zomwe zinkachititsa manyazi Intel yomweyo.

Vuto linali soketi. Pentium M inkalowa mu Socket 479, yosagwirizana ndi Socket 478 ya Pentium 4. AOpen ndi DFI anatulutsa mabodi apadera a chipset ya 855GME, koma chipset imeneyi inali ya laputopu, ya RAM ya njira imodzi ndi AGP 4x. Mu 2005 Asus inabweretsa CT-479, kachipangizo kokhala pakati pa purosesa ndi soketi, kamene kankalola Pentium M kugwira ntchito pa mabodi ake ena monga P4P800 ndi P4C800-E, okhala ndi RAM ya njira ziwiri. Kankabwera ndi fani yakeyake ndipo kankafuna chingwe cha magetsi cha floppy. Multiplier ya Pentium M inkatheka kutsitsa koma osati kukweza, choncho liwiro lonse linkachokera ku bus. Core 2 Duo, yobadwa ku mtundu womwewu, itatuluka mu July 2006, chifukwa chovutikira motere chinatha.

Nyengo ya mapurosesa owotcherera

Mapurosesa a laputopu a Intel ochotseka anathera pa Haswell ya 2013, ya Socket G3. Otsatira ake onse ndi a BGA, owotchereredwa pa bodi. Lusoli silinafe, linangosamukira ku China. Amisiri kumeneko amatenga mapurosesa a BGA 1440 n'kuwawotcherera pa kabodi kakang'ono kolowa mu soketi ya LGA 1151, ndipo amagulitsidwa pa AliExpress ndi Taobao ndi mayina monga QQLS, QNCT ndi QTJ2. Ambiri mwa amenewa ndi ma engineering sample, mapurosesa oyesera amene Intel imabwereketsa kwa opanga makompyuta malonda asanayambe. Intel imati ndi katundu wake, sagulitsidwa ndipo alibe waranti. Pa pulogalamu ya CPU-Z ambiri amaoneka ndi dzina loti Genuine Intel CPU 0000.

Njira ina ndi bodi ya desikitopu yobwera ndi purosesa ya laputopu yowotchereratu. Kampani ya Erying inadziwika ndi mabodi a Tiger Lake-H, m'badwo wa 11 wa Intel, ndipo Minisforum inatulutsa BD770i yokhala ndi Ryzen 7 7745HX ya AMD. Pa mapurosesa a masiku ano multiplier imakhala yotsegula pa mitundu yochepa, monga ya HK ndi HX. Pa enawo liwiro limapezeka pokweza malire a magetsi otchedwa PL1 ndi PL2. Purosesa imene m'laputopu inkabwezedwa pa mawatsi 45 pakapita masekondi angapo, m'desikitopu imaloledwa kukhala pa liwiro lake lapamwamba nthawi yaitali. Ena amatsitsanso volteji pogwiritsa ntchito ThrottleStop kapena Intel XTU, ngakhale kuti ma BIOS ambiri anatseka njirayi chiwopsezo cha Plundervolt chitaululika mu December 2019.

Mavuto ndi kakonzedwe kake

Makina otere akakana kuyaka, kawirikawiri purosesa imakhala ilibe mlandu. Bodi ndi imene inapangidwa isakuyembekezera mlendo wotere, ndipo poyambira kufufuza ndi pa BIOS. BIOS yopanda microcode ya purosesayo imatha kuzungulitsa mafani koma sikirini n'kukhala yakuda. Ikayaka, imatha kulemba kuti purosesa ndi yosadziwika. Mabodi ambiri a Socket A ankadzutsa XP-M pa 600 kapena 800 MHz, ndipo anthu ena ankabweza purosesa yabwinobwino poganiza kuti awabera, pamene chofunika chinali kungolowa mu BIOS n'kuika multiplier, bus ndi volteji pamanja. BIOS yatsopano iyenera kuikidwa purosesa yakale idakali pamalo pake, chifukwa kawirikawiri bodi yosayaka siingadzikonze. Mapurosesa a pa kabodi a LGA 1151 amafuna BIOS yosinthidwa, ndipo nthawi zambiri imalembedwa mwachindunji pa chip ya BIOS ndi kachipangizo ka CH341A. Wanzeru amayamba wakopera BIOS yoyambirira n'kuisunga.

Chachiwiri ndi choziziritsira, ndipo apa m'pamene mapurosesa ambiri amafera. Purosesa ya desikitopu kawirikawiri imakhala ndi chivundikiro chachitsulo pamwamba, ya laputopu ilibe. Turion 64 ndi Mobile Athlon 64 zinkalowa bwino mu Socket 754, koma popeza zinali zazifupi kuposa za desikitopu, heatsink ina inkakhala pa chimango cha soketi osakhudza purosesa mokwanira. Chizindikiro chake n'chakuti kompyuta imayaka kwa masekondi ochepa n'kuzima. Njira yodziwira ndi kuchotsa heatsink n'kuona mmene thermal paste yafalikira: ngati yangokhudzika mbali imodzi kapena sinaphwanyike n'komwe, ndiye kuti palibe kukhudzana. Komanso kumanga kwambiri kapena mopendekeka kumabenthula ngodya ya purosesa yopanda chivundikiroyo, ndipo ikabenthuka siikonzekanso. Masikuruwu a heatsink amamangidwa pang'onopang'ono mopingasa.

Pali msampha winanso wa masoketi ofanana maonekedwe. Socket 478, Socket 479, Socket M ndi Socket P zimaoneka ngati chinthu chimodzi, koma kayalidwe ka mapini ndi kayendedwe ka magetsi n'zosiyana. Purosesa imene siikulowa yokha mosavuta siyenera kukakamizidwa.

Bodi ikakana kuyaka pambuyo pokweza liwiro, mankhwala ake ndi kufufuta CMOS: kuzula chingwe cha magetsi, kusuntha jumper ya CMOS kapena kuchotsa kabatire ka CR2032 kwa kanthawi. Ikamayaka koma n'kumazima pakati pa ntchito, pamafunika kupatula zinthu chimodzichimodzi. Bus ikakwera RAM nayo imakwera, choncho olakwa akhoza kukhala RAM osati purosesa. Memtest86 imayesa RAM, Prime95 imapanikiza purosesa kwa maola angapo, ndipo HWiNFO imaonetsa kutentha. Kusintha zinthu ziwiri nthawi imodzi ndi kumene kumatayitsa anthu masiku, chifukwa zikavuta sudziwa chimene chavutitsa. Kompyuta imene yafika pa Windows siinapambane mayeso ayi. Ina imadzagwa Prime95 itathamanga kwa nthawi.

Pa makina amakono, liwiro lotsika lokha ntchito ili mkati limachokera pa zinthu zitatu: purosesa yafika pa malire a kutentha, omwe pa Intel amakhala cha pa madigiri 100, kapena yagunda malire a PL1, kapena zipangizo za VRM zodyetsa purosesa magetsi zatentha. Chachitatuchi anthu amachiiwala, chifukwa purosesa imaoneka yozizira bwino pamene VRM ya bodi yotsika mtengo ikupsa. Kafani kolozetsa pa VRM nthawi zambiri kamathetsa vutoli. Volteji yopyola muyezo nayo siipha purosesa tsiku lomwelo. Imadya timizere ta mkati pang'onopang'ono, ndipo pakapita miyezi purosesa imayamba kukana liwiro limene kale inkalikwanitsa.

Masiku ano phindu la overclocking pa mapurosesa amenewa ndi lochepa poyerekeza ndi nthawi ya XP-M, chifukwa turbo, njira imene purosesa imadzikwezera liwiro yokha, imatenga kale gawo lalikulu la mphamvu yotsala ija. Chimene chatsala chokopa ndi mtengo wotsika ndi kudya magetsi pang'ono, zomwe zimathandiza munthu amene kompyuta yake imadalira sola kapena batire la inveta, monga zilili m'malo ambiri ku Malawi ndi ku Zambia. Koma ma engineering sample ndi osayenera pa kompyuta yosunga ntchito za ofesi kapena za bizinesi, ndipo wogula bodi ya purosesa yowotcherera azidziwiratu kuti chimodzi chikafa, wataya zonse ziwiri.