Nyemba za mufiriji zili ndi mbiri

Ambirife timaphika nyemba poto wathunthu Lamlungu, n'kuzigawa m'timakontena kuti makala asatithere msanga. Ine ndimati nzeru imeneyi ndi ya agogo athu, firiji inangobwera pambuyo. Iwo ankafutsa khwanya ndi nkhwani, kuyanika padzuwa, n'kukulunga m'masamba a msuku. Chikwatu chimenecho chinkapachikidwa kudenga kudikira chilimwe, ndiwo zikasowa.

Kusunga chakudya m'chisanu kuli ndi mbiri yakeyake. Mu 1912 Clarence Birdseye, wa ku America, anapita ku Labrador, dera lomwe lero lili ku Canada. Kumeneko anaona anthu a mtundu wa Inuit akuwedza pansi pa ayezi. Nsomba ikangovuulidwa inkauma gwa nthawi yomweyo, ndipo ikasungunuka inkakomabe ngati yaiwisi. Chinsinsi chake ndi liwiro. Chakudya chikamazizira pang'onopang'ono, madzi a m'kati amapanga timiyala ta ayezi tikulutikulu tomwe timang'amba mnofu. Chikazizira mwachangu, timiyalato timachepa. Birdseye anapanga makina ochita zimenezi, ndipo mu 1930 zakudya za Birds Eye zinayamba kugulitsidwa ku Springfield, Massachusetts.

Ndiye mukamagawa ndiwo, gawani pang'onopang'ono m'zotengera zophwatalala, zizizire msanga. Koma chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti magetsi akathima masiku awiri, nyemba zija zasasa basi, pamene mfutso ulibe nazo ntchito. Kodi mwa ife alipo angati odziwa kumanga chikwatu? Afunseni agogo akadalipo.